Tinkawalandira Katundu Achemwali

Chaka chino ndakwanitsa zaka sikisite. Ana anga anagula keke, mdzukulu wanga n'kundiimbira nyimbo m'Chingelezi chake chothamanga chija, ndipo m'mawa mwake ndinadzuka kukakwera basi ya kuntchito monga mwa masiku onse. Ndili chiimire pa siteji muno mu Braunstone, mphepo ikundilowa m'mafupa, ndinakumbukira kuti sikisite imeneyi ndiyo msinkhu umene achemwali ankati adzakapumire kumudzi. Mtima unandiwawa mpaka ndinatsonya mokweza, mzungu amene anali pambali panga n'kusuntha pang'ono.

Achemwali amenewa sanali abale anga a magazi. Ndinawapeza pa nyumba yosamalira okalamba imene ndikugwirabe ntchito mpaka lero, kuno kumadzulo kwa Leicester. Anandiposa ndi zaka khumi. Kwathu anali mphunzitsi wa pulayimale ku Thyolo, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke m'thupi. Ankayenda mowongoka ngati pali kalasi ikuwayang'ana, yunifolomu yosita mpaka m'matumba. Atsikana achimalawi ankawatchula amayi, ine ndinkati achemwali. Ndiwo anandiphunzitsa kutembenuza munthu pabedi osathyoka msana, ndi kumeza mawu gogo wachizungu akakutukwana chifukwa tiyi wazizira.

Amuna awo anatsala kumudzi. Anali kalaliki pa esiteti ya tiyi, ndipo atapuma ntchito ankayang'anira nyumba imene achemwali ankamanga ku Bvumbwe. Nyumba imeneyo tonse tinaidziwa tisanaiponde. Pa buleki iliyonse foni inkatuluka, ife tiyi ali m'manja, tizionetsedwa njerwa, tizionetsedwa malata, tizionetsedwa bambo wokalamba ataima pambali pa mulu wa mchenga ngati wajambulidwa mokakamiza. Malowo ndi otsetsereka, ndiye khonde linakwera m'mwamba, la masitepe ambiri otsikira kudimba. Khonde limenelo ndilo linali mtima wawo. Ankati akadzangofika sikisite atenge penshoni yawo ya boma, akwere ndege, ndipo m'mawa uliwonse azigwada okha n'kupaka polishi wofiira pakhondepo, akatero azitsikira kudimba kukathyola mpiru.

"Pansi pa eni ake ndapukuta mokwanira," ankatero. "Khonde langa ndidzapukuta ndekha. Wantchito sindimufuna."

Basi, zimenezo. Sankalota galimoto, sankalota shopu. Ankafuna kukafika kwawo akuyenda ndi miyendo yawo, amuna awo adakali moyo.

Amene anawatsina khutu anali mayi wachizungu wophika kukhitchini kwathu, wa msinkhu wawo, wobadwira mu Braunstone momwemu, amene anayamba ntchito m'fakitale ya masokosi adakali kamtsikana. Tsiku lina achemwali akumufotokozera za ulendo wawo, kuti chaka chamawa ngati chino adzakhala akuwothera dzuwa, mayiyo anaika mpeni pansi n'kuwafunsa chaka chimene anabadwa. Atamuuza, anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene analira kale. Anati sikisite ija boma linaichotsa. Amayi a zaka zawozo adikire sikisite-sikisi. Iye mwini sanamve kuboma ayi, anamva kwa mayi womukonza tsitsi, mutu uli m'beseni.

Akuti lamulolo analipanga kalekale, ife tisanatsike n'komwe ndege, kenako anadzabwereranso n'kuwonjezera pamwamba. Akuti analengeza. Analengezera kuti, kaya, mwina m'manyuzi amene amawerenga iwo okha akudya nkhomaliro. Ndipo zifukwa zake mukazimva mumachita kufuna kuseka. Ati anthu masiku ano akukhalitsa ndi moyo. Ati amayi afanane ndi abambo. Kufanana kwa chiyani? Ine ntchito imeneyi ndaigwira mpaka imvi, koma abambo a matayi amene amasuntha zaka za anthu sindinawaonepo akusintha thewera la munthu wamkulu m'mamawa asanamwe kanthu. Munthu wokhala pampando wofewa akhoza kugwira ntchito mpaka mano onse atatha m'kamwa, zimenezo sindikana. Ndipo n'zoona kuti anthu akukhalitsa, nanga si ife amene timawakhalitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Koma amene anawerengera zaka za moyo sanawerengere zaka za maondo.

Kutchalitchi kwathu kuli abambo ena ogwira ntchito ya muofesi ku Nottingham, amene amadziwa chilichonse chikachitika kale. Atamva nkhaniyi anati aliyense wowerenga ankadziwa, ndipo ngati amayiwo atopa angopita kumudzi, penshoniyo idzawapeza komweko. Ndinawafunsa kuti pa zaka zodikirazo akadya chiyani, malata? Thukuta lawo lonse linali m'makoma a nyumba ija, m'mafizi a ana a abale, ndi m'mankhwala a shuga a amuna awo. Abambowo anakonza tayi n'kunena kuti nkhani zimenezi zimafuna kukonzekera. Ndinawasiya ndisanachimwe pa Sabata.

Achemwali sanatukwane munthu. Anangoti Mulungu alipo, zaka sikisi si zambiri. Nthawi imeneyo n'kuti maondo awo atayamba kale kulira pokwera basi.

Tsono apa m'pamene ife Amalawi tinalowererapo ndi ulemu wathu. Kwathu ukaona munthu wamkulu akubwera ndi katundu, umathamanga kukamulandira. Sufunsa ngati watopa. Ngakhale katunduyo akhale kathumba ka mchere, umalandira, iye azibwera pambuyo manja ali lende. Mwana amene angayang'ane mayi akulimbana ndi ndowa iye ali chikhalire, amakambidwa mudzi wonse, mpaka amake amachita manyazi kupita kuchitsime. Ifetu tinakulira zimenezo, ndipo pokwera ndege sitinazisiye ku Chileka.

Tinalipo angapo pa shifiti ya masana, m'zipinda za pansi. Palibe anaitanitsa msonkhano. Zinangoyamba zokha. Achemwali akanyamula thumba la zochapa, wina watulukira kale, amvekere ndikulandireni amayi. Akati agwade kuveka gogo masokosi, wina wagwada kale. Pali makina onyamulira anthu osatha kuima, timati hoisiti, ndipo amafuna anthu awiri. Achemwali tinkawapatsa kodinira kokha, kukankha ndi kukoka kuli kwa ife. Anthu olemera thupi amene anawagawira kuti awasambitse tinkasinthana nawo mwakachetechete, iwo n'kuwasiyira agogo opepuka okonda kucheza. Ngakhale mnzathu wa ku Zambia analowa m'gululi osauzidwa, uku akuti lekani mami, tizachita.

Iwonso ankathandizira kubisako. Akamva nsapato za amanijala zikubwera, ankadzuka pampando n'kuwongoka, nkhope ili phee. Ndodo anagula, yopinda, koma basi isanafike pageti inali italowa kale m'chikwama. Sanajombepo. Ululu ukawagwira ankalowa m'chimbudzi, kutseka chitseko, kenako n'kutuluka atasamba kumaso.

Amanijala athu anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wa digiri, womwetulira kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Tonse ankatitchula atsikana ake, achemwali omwe, munthu woti akanatha kukhala amake. Kutisamalira kwake kunali kwa mbale ya timaapozi imene ankaika m'chipinda chopumira, ndi chipepala pakhoma chotiuza kuti tizipuma mokoka mpweya. Kumapeto kwa chaka china anaimika achemwali pamaso pa onse n'kuwapatsa satifiketi ya wantchito wa chitsanzo. Anati taonani, munthu wamkulu kuposa nonse, sadandaula, sadwala, ntchito yake imatha nthawi isanakwane. Ife opusa tinaomba m'manja, wina mpaka nthungululu.

Patapita nthawi panapezeka mpata wa ntchito yopepuka pa nyumba yomweyo: munthu wocheza ndi okalamba, kuwaimbitsa nyimbo zawo zakale, kuwawerengera nyuzi, kuwaseweretsa bingo. Ntchito yokhala pansi, yofuna mphunzitsi weniweni. Ndinawaumiriza achemwali kuti akapemphe. Anapita, koma kupempha kwake kunali kwa kwathu, kozungulira, kuti ngati n'kotheka, ngati sizivutitsa munthu, mwina angaganizidweko. Amanijala anadabwa. Anati sankadziwa kuti pali vuto, ndipo ngati ndi nkhani ya thupi ndiye ayambe akaonedwa ndi woyeza antchito wa kampani, amene ofesi yake inali ku Loughborough.

Ndinatenga ofu n'kuwaperekeza. Ndinawapeza pa siteshoni ya sitima. Anali atavala suti yawo ya buluu ya patsiku la mgonero, wigi yatsopano, ndi nsapato za chidendene. Ankaoneka ngati akupita kukalandira mphotho. Ndinawauza m'sitima kuti lero ndi tsiku lodandaula, atsimphine, abuule pokhala, anene zonse mpaka za m'chimbudzi zija. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pagulu.

"Ndikaoneke ngati wopemphetsa pamaso pa mwana wa eni ake? Iwe, ine ndinaphunzitsa anthu amene lero ndi madokotala."

Titafika pakhomo anapinda ndodo n'kundipatsira kuti ndiike m'chikwama changa. Ofesiyo inali pamwamba. Wolandira alendo anawalozera lifiti, iwo anati ayi zikomo, masitepe ali bwino, poti kukwera lifiti wina akukuona ndiye kuvomera ukalamba. Anakwera, ine pambuyo ndikumva mano awo akukukuta. Pamwamba pa masitepewo panali pataima woyeza uja, bambo wachichepere wa magalasi, akutidikira. Anaona zonse: mayi wovala bwino akukwera yekha, osagwira n'chitsulo chomwe.

Anandilola kulowa nawo. Anawafunsa ngati amatha kugwada, anati amayesetsa. Anawafunsa ngati ululu umawalepheretsa kugona, anati mwa chisomo cha Mulungu amagona. Anawafunsa kukula kwa ululuwo, anamwetulira n'kunena kuti ndi pang'ono chabe, za ukalamba, sangavutitse nazo anthu. Kwathu munthu wamkulu safotokozera mwana za thupi lake, makamaka mwana wamwamuna, mlendo. Amayankha mwaulemu n'kudikira kuti mwanayo, ngati analeredwa, aone yekha. Koma uyu analeredwa kwina. Ankangolemba zimene wauzidwa.

Ndinalephera kupirira. Ndinanena m'Chingelezi kuti zimenezo si zoona, amayiwa amalira ndi maondo tsiku lililonse. Achemwali sanatembenuke n'komwe. Anandiyankha m'Chichewa, motsitsa mawu, akumwetulirabe kwa bamboyo.

"Khala chete. Usandichititse manyazi."

Woyezayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti ngati zili choncho, nanga anthu olemera amene ali pa dzina lawo amawasambitsa ndani, poti amanijala alemba kuti ntchito yawo yonse imayenda bwino. Kunena kuti timachita ndife ndiye kuulula kuti takhala tikusinthana anthu popanda chilolezo, ndipo ena mwa atsikana aja anali ongofika kumene, mapepala awo okhalira kuno ali m'manja mwa kampani yomweyo. Ndinayang'ana pansi. Bamboyo anatithokoza pobwera, n'kuwayamikira achemwali kuti akudzisunga bwino.

Titatuluka, pakona pomwe, anakhala pa khoma la eni ake, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Anavula nsapato zija, mapazi atatupa. Ndinawapatsa ndodo yawo. Kupsa mtima kwanga tsiku limenelo sindinadziwe kuti ndikupereke kwa ndani.

Zotsatira zinabwera kuti ali bwino, akhoza kupitiriza ntchito yawo yonse. Ntchito yopepuka ija inapita kwa bambo wina amene anayamba kudandaula za msana sabata yomwe analembedwa, ndipo ankadandaula mokweza, kwa aliyense, mpaka kwa wodzapereka buledi. Sindimuda bamboyo. Ankalidziwa dziko lake. Kuno ululu umene sunaulengeze, sunaulembetse, sunausayinire, ndiye kuti kulibe.

Zikanathera pomwepo bwenzi zilibwinoko. Koma amanijala, ataona kuti ali ndi wantchito wa chitsanzo amene ngakhale woyeza wamuyamikira, anawasamutsira m'zipinda za pamwamba. Kumeneko n'kumene kumakhala anthu osadzuka pabedi, olemera, ndipo antchito sakhalitsako. Kumadzaza a ejense, anthu obwerekedwa amene lero ali pano mawa ali kwina, amene sakudziwa ndipo alibe chifukwa chokulandirira kanthu. Tinapita kukapempha kuti asatero. Amanijala anaseka mokoma n'kunena kuti tisachite nsanje, amayiwa ndi amphamvu kuposa tonsefe. Achemwali anali pomwepo. Anangoti chabwino madamu, zikomo pondikhulupirira.

Tinkayesa kuthamangira kumwamba pa buleki, koma nafenso tinali ndi anthu athu, mabelu akulira. Ndinkawaona poweruka akutsika masitepe chammbali, mwendo umodzi kaye, winawo pambuyo. Foni ija inkatulukabe m'basi. Khonde linali litatha, amuna awo ataikapo mipando iwiri.

Kenako unabwera mliri uja. Anthu a mumsewu mwathu ankatuluka pakhomo kutiombera m'manja ndi kumenya mapoto, akuluakulu a boma nawonso n'kumaomba pa wailesi yakanema, manja ofewa aja. Achemwali ankadutsa pakati pa phokosolo akuchokera kuntchito, ndodo ili m'manja, chophimba pakamwa ndi mphuno chitawasiyira mizere kumaso. Anthu amsinkhu wawo ankauzidwa kuti asamale, asayendeyende. Iwo anali okalamba mokwanira kuti matendawo awaphe, koma osakalamba mokwanira kuti apume. M'manjamo anaomba ndithu, koma palibe anabweza ngakhale mwezi umodzi.

Tsiku limene zinathera linali la wamba, m'mawa, nthawi yovalitsa anthu. Belu la chipinda china cha pamwamba linalira osaleka, mpaka ndinasiya zanga n'kuthamangirako. M'chipindamo munkakhala bambo wina amene kale ankayendetsa mabasi mu Leicester, anafa ziwalo mbali imodzi. Achemwali ankakonda kuseka kuti bamboyo ndi mng'ono wawo, poti anali wocheperapo kwa iwo ndi miyezi ingapo. Ndinawapeza ali pansi pa kapeti, atagwira mwendo wa bedi, silipasi imodzi ya bamboyo ili m'manja. Anagwada kuti amuveke, ndiye kudzuka kunakanika. Bamboyo ndiye ankadina belulo ndi dzanja lake lamoyo, misozi ikutsika, ndipo achemwali ankamupepesa kuti amuchedwetsa kadzutsa.

Ndinati ndiwagwire m'khwapa, wa ejense amene analowa pambuyo panga anandiletsa. Anati lamulo silola kudzutsa munthu wakugwa ndi manja, tibweretse hoisiti. Sankanama, lamulolo lilipo. Tinawakulunga m'nsalu yomwe ija imene ankakulungamo anthu ena, n'kukoleka zingwe. Makinawo atayamba kuwakweza, miyendo ili lende m'malere, anaphimba nkhope ndi dzanja.

"Tseka chitseko, mwanawe," anatero. "Atsikana asandione."

Kuntchito sanabwererenso. Anakhala m'fulati yawo ya khansolo kudikira opaleshoni ya bondo, pa mzera wautali umene mliri unautalikitsanso. Kuofesi ya thandizo la boma ankawafunsa ngati sangapeze ntchito yokhala pansi, mpaka kuwaphunzitsa kalembedwe kofunsira ntchito, munthu woti wangotsala pang'ono kufika pa msinkhu umene iwo omwewo anaika. Ntchito yokhala pansi anaipempha ili pakhomo, munawamana, lero mukuwatuma kukaisaka mumzinda ndi ndodo ziwiri. Opaleshoni itachitika bondo limodzi linakhalako bwino, koma linzake ndi msana zinali zitapita kale. Mayi wophika uja ankabwera kudzawaona ndi chakudya, n'kumatukwana boma mawu oti sindingalembe pano. Ankawauza kuti akanalira ngati mmene ankalirira iye, mwina akanawamva. Achemwali ankangoseka.

Sikisite-sikisi inakwana, penshoni n'kuyamba kubwera, ndendende monga analonjezera, osachedwa ndi tsiku limodzi. Pa zimenezo ndiye ndi akatswiri. Amanijala anatumiza khadi la mabaluni lofunira achemwali mpumulo wosangalatsa. Tinawaperekeza kubwalo la ndege, kumene munthu wa yunifolomu anawakhazika pa njinga ya olumala n'kuwakankha. Ananyamula chikwama chawo pamiyendo, ndipo m'katimo munali chitini cha polishi wofiira chimene anagula kalekale pamsika wa mu Leicester, ati wa kuno ndi wowala kwambiri.

Chaka chatha ndinapita kwathu kutchuthi, ndipo ndinakwera minibasi ku Limbe kukawaona. Nyumbayo ndinaizindikira ndili patali, inali momwe ndinkaionera pafoni. Amuna awo anatsika masitepe aja pang'onopang'ono kudzandichingamira, bambo wokalamba wowonda, n'kutambasula manja kuti andilandire chikwama. Ndinakana, iwo anaumirira, mpaka ananyamula. Khonde linali lofiira, lowala. Achemwali anali pampando umodzi mwa iwiri ija, chitenje chitaphimba miyendo, tsitsi lonse loyera, wigi atasiya. Kumunsi dimba linkaoneka lonse, mpiru utachita maluwa achikasu chifukwa chosowa wothyola.

Tinalira, tinaseka, anandifunsa za aliyense mpaka za bambo wa mabasi uja, amene anali atamwalira. Mtsikana wantchito anabweretsa tiyi. Atachoka, achemwali anandikodola n'kundilozera m'ngodya za khondelo, ati taona mmene amapakira, mothamanga, m'makona safikamo. Ndinawafunsa ngati amatsikako kudimba. Amuna awo anadzuka n'kulowa m'nyumba ngati aiwala kanthu.

"Anandikweza anyamata awiri tsiku lomwe ndinafika, pampando womwe uno," anatero achemwali. "Kutsika ndimatsika likakhala tsiku la kuchipatala. Amabweranso omwewo."

Ndinaona chitini cha polishi ndi kansanza pambali pa khoma, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinali nditagwada kale, kuti ndiwafikire m'makona muja. Thupi limachita zimene linaphunzira. Anandileka ndipake ngodya imodzi, akundiyang'ana. Podzuka ndinagwira chipilala, bondo langa lakumanja n'kulira mokweza, moti tonse awiri tinamva.

Anandifunsa kuti zaka zanga zopumira aika pati. Ndinati sikisite-seveni, ngati sasunthanso. Anayang'ana bondo langalo.

"Munandilandira bwino, ana inu, sindikudandaulani," anatero. "Koma iwe usalole."

Panopo pantchito pathu pabwera atsikana atsopano ochokera kwathu, oleredwa bwino, ndipo amene akutchulidwa amayi tsopano ndine. Tsiku lija la pambuyo pa keke, nditatsika basi n'kuvala yunifolomu, ndinanyamula thumba la zochapa kuchokera m'chipinda cha kumapeto. Sindinayende n'patali pomwe, wina wa ku Lilongwe watulukira kale, manja atatambasula, amvekere ndikulandireni amayi. Ndinamuuza kuti asiye. Anaganiza kuti ndi kukana kwa ulemu kuja, ndiye anagwira thumbalo. Ndinachita kumulanda, n'kumuuza mokalipa kuti ndati asiye, andione, ndipo ena onse andione. Anabwerera m'mbuyo maso ali pansi, ndipo ndamva kuti amauza anzake kuti amayi aja ndi ovuta.

Thumbalo ndinalikoka pansi njira yonse, ndikutsimphina monga mmene bondolo limafunira, osabisa, ndikubuula pa sitepe iliyonse. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha, poti amayi anga sanandilere choncho. Chitseko cha ofesi chinali chotsegula. Ndinaima pomwepo dala, dzanja lili pabondo, ndikupuma mokweza. Amanijala, amene tsopano ndi ena koma omwetulira chimodzimodzi, anadzutsa mutu pa kompyuta yawo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana thumba, n'kuyang'ana bondo. Kenako anandifunira zabwino za tsiku langa lobadwa, n'kundifunsa ngati ndaona timaapozi timene aika m'chipinda chopumira.